Anamwino angati pa wodi imodzi, nanga pokweza tiziyang'ana chani? Thandizeni

Nambewe:

Moni anamwino anzanga ndi akuluakulu nonse muli muno. Pali nkhani ikundisowetsa tulo nde ndati ndifunse kuno poti ena munadutsamo kale. Mabwana andipatsa ntchito yokonza pulani ya anamwino ya chaka chamawa, kuti wodi iliyonse ikufunika anthu angati, ndipo pomwepo akuti ndilembenso ndondomeko ya kakwezedwe pantchito chifukwa madandaulo achuluka zedi, uyu akuti ndakhala zaka zambirimbiri pa giredi imodzi koma mwana wobwera dzana wandidumpha, uyo akuti ndinapita kusukulu ndabwera ndi digiri koma malipiro ndi omwe aja, ena angosiya kudandaula akusakasaka ntchito kwina mwakachetechete.

Mmene takhala tikuchitira ndi zongokopera za chaka chatha. Wodi ya amuna ili ndi mabedi 30 ndipo pa pepala ili ndi anamwino 12, nambala imeneyi palibe akudziwa kuti anaiwerengera bwanji, tonse tinangoipeza. 12 ukamaimva imaoneka ngati yokwana koma tikakhala pansi kulemba rosita wina ali pa tchuthi, wina kusukulu, wina wachira kumene ali ndi khanda kunyumba, wina wadwala, mapeto ake usiku kumatsala namwino mmodzi kapena awiri wodi yonse. Ndikapita kwa mabwana kukapempha anthu amandiyankha kuti tipatseni manambala osati madandaulo. Nde pali njira yeniyeni yowerengera yoti olo munthu wa ku akaunti sangaikane? Nanga pokweza anthu tiziyang'ana zaka, mapepala a sukulu kapena kagwiridwe ka ntchito? Chikundiwawa kwambiri n'choti aliyense amene tamukweza timamuchotsa pa bedi la wodwala n'kumuika mu ofesi, nde amene amaidziwadi ntchito akutha m'mawodi.

MatroniWopuma:

A Nambewe mwafunsa bwino, ndipo mabwana anuwo sakulakwa kufuna manambala, apatseni. Choyamba siyani kuwerenga mitu ya anthu, muziwerenga maola. Wodi siitseka, sabata imodzi ili ndi maola 168. Ngati kontirakiti ya namwino ndi maola 40 pa sabata, ndiye kuti malo amodzi okha oti pazikhala munthu usana ndi usiku akufuna 168 kugawa ndi 40, anthu 4.2. Apa n'kuti tikuyesa ngati palibe adzapite ku tchuthi kapena kudwala chaka chonse, zomwe sizingachitike. Nde pamwamba pake mumawonjezera gawo lophimba tchuthi, matenda ndi maphunziro. Ku England chida chomwe zipatala zambiri zimawerengera anamwino, Safer Nursing Care Tool, chimaika 22 peresenti pa zimenezi. Mukawonjezera mupeza kuti malo amodzi pa rosita ndi anthu asanu. Asanu, osati atatu ngati mmene ambiri amaganizira akamva zoti kuli mashifiti.

Tiyeni titenge wodi yanuyo. Tinene kuti mukufuna anamwino 5 masana ndi 3 usiku, mashifiti a maola 12. Ndi mashifiti 8 pa tsiku, maola 96, pa sabata 672. Gawani ndi 40 mupeza 16.8, onjezerani 22 peresenti ija mufika pa 20.5, ndiye kuti anthu 21. Inchaji musamuwerengere mmenemu, iye ali ndi ntchito yake, mukamuika pa odwala tsiku ndi tsiku palibe ayang'ane mankhwala, rosita ndi ana a sukulu. Tsopano tembenuzani samuyo. Anthu 12 ndi maola 480, mukachotsa gawo la tchuthi ndi matenda atsala maola 390 ndi pang'ono, pa tsiku ndi 56, mashifiti osakwana asanu. Atatu masana, usiku awiri pena mmodzi. Ndi zomwe mukuona pa rosita yanu zija, si kuti mukulemba molakwika ayi, anthuwo kulibe basi. Pitani nayo samu imeneyi pa pepala limodzi, mbali iyi chomwe chikufunika mbali inayo chomwe 12 angathe.

Koma 22 peresenti musangoitenga poti yanenedwa ku England. Tsegulani mabuku anu a zaka ziwiri zitatu zapitazi muone kuti anthu anajomba masiku angati pa matenda, angati anapita ku tchuthi cha uchembere, angati anali kusukulu. Wodi yodzaza ndi atsikana ongoyamba kumene mabanja nambala yake imakwera kuposa pamenepo ndipo si mlandu wa munthu, ndi moyo, pulani ndi imene ikuyenera kukonzekera. Musaiwalenso nthawi yopatsirana lipoti, theka la ola lija mashifiti awiri amakhala onse pa ntchito ndipo onse akulipidwa.

Ngati mukufuna njira yokhala ndi dzina loti mabwana aziiopa, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lili ndi ina yotchedwa WISN, inatuluka mu 1998 ndipo anaikonzanso mu 2010. Imayambira pa ntchito yomwe ilipodi, odwala ogonekedwa angati pa chaka, mabala omangidwa angati, obereka angati, ntchito iliyonse imatenga mphindi zingati, kenako kugawa ndi nthawi yomwe namwino mmodzi amapezekadi pa chaka. Ubwino wake imaonetsanso wodi yomwe ili ndi anthu ochuluka kuposa ntchito, ndipo konzekani mtima poti pena mumapeza kuti vuto lina n'kagawidwe, dipatimenti ina yogwira masana okha ili ndi anthu ambiri pomwe mawodi akulira.

WaUsikuNthawiZonse:

Amayi a Matroni samu yanu ndaimva ndipo ndiyoona, koma ine ndiyankhuleko ngati munthu amene ali pa wodi panopa. Odwala 30 sali ofanana. Pali usiku wina odwala 30 onse akuyenda okha kupita kutoileti, umagawa mankhwala n'kukhala pansi kulemba. Pali usiku wina mabedi omwewo 30 koma cha m'ma 2 koloko bambo wa pa oxygen wasokonezeka mutu akuzula dripu akufuna kutsika pa bedi, wina wangochokera ku fiyeta ukuyenera kumuyeza BP mphindi 15 zilizonse, wina akulandira magazi ndipo thumba lachiwiri sungalipachike wekha pakufunika anthu awiri kutsimikiza dzina ndi gulu la magazi, nthawi yomweyo foni ikulira akuti tikukutumizirani wodwala watsopano konzani bedi. Pa pepala usiku umenewo ndi wofanana ndi woyamba uja. Nde a Nambewe mukamawerenga muwagawe odwala m'magulu, amene akudzithandiza okha, amene akufuna kuthandizidwa pang'ono, amene sangathe kanthu ayi, ndi amene sungawasiye olo mphindi zisanu. Lembani zimenezi tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, ndipo mubwerezenso nyengo ina ya chaka poti matenda amabwera ndi nyengo zake.

Chinanso funsani anamwino anu kuti ndi chani chomwe sanachite pa shifiti chifukwa cha nthawi, koma afunseni mosawaopseza apo ayi akunamizani. Mankhwala sitisiya, jakisoni sitisiya. Chimasiyidwa n'kumutembenuza wodwala wogona, kumutsuka mkamwa, kumudyetsa modekha, kumufotokozera za matenda ake asanatuluke, ndipo chati timalemba m'mawa tikuthamangira lipoti. Pakatha sabata ziwiri mukaona chilonda pa msana wa gogo mumafunsa kuti anali pa duty ndani, pomwe funso loyenera ndi loti anali ndi odwala angati.

Komanso chonde musamawerenge kuti atatu usiku basi zatheka. Atatu ake ati? Ngati awiri angomaliza kumene sukulu ndiye kuti wachitatuyo akugwira yake, akuyang'aniranso anzakewo, amatopa kuposa akanakhala ndi mnzake mmodzi wozolowera. Shifiti iliyonse pazikhala munthu amene akangoyang'ana wodwala kupumira kwake amadziwa kuti uyu tiitane dokotala pompano olo manambala a BP ndi kutentha kwa thupi akuoneka abwinobwino. Ndipo muwerengenso maola amene timataya pa ntchito zosakhala za unamwino, kukatenga mankhwala ku famase, kukankha trolley, kukasaka zotsatira ku labu, kuyankha foni. Pena kulemba kalaliki wa pa wodi ndi wonyamula odwala kumabweza maola ambiri a namwino pa mtengo wotsika.

Za kukwezedwa ine zimandipweteka. Ife ogwira usiku mabwana satiwona, amadziwa nkhope za amasana amene amakumana nawo m'makhonde, nde mayina akamatchulidwa athu sabwera m'mutu.

MphunzitsiWaAnamwino:

Ndiwonjezerepo za kafukufuku poti mukakakhala ndi mabwana adzakufunsani kuti umboni uli kuti woti kuwonjezera anamwino kumasintha kanthu. Ulipo ndipo ndi wamphamvu. Mu 2002 Linda Aiken, katswiri wa kafukufuku wa za unamwino, ndi anzake anaunika zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, anapeza kuti namwino akawonjezeredwa wodwala mmodzi pa amene ali nawo kale, chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti, ndipo chiopsezo choti namwinoyo atoperetu ndi ntchito chimakwera ndi 23 peresenti. Mu 2014 anabwerezanso m'zipatala 300 za m'mayiko 9 a ku Europe, 7 peresenti yomweyo inatulukanso, ndipo anapezanso kuti anamwino a digiri akachuluka ndi 10 peresenti imfa zimatsika ndi 7 peresenti. Malo ena anafika poika m'malamulo. California ku America inakhazikitsa lamulo mu 1999 n'kuyamba kuligwiritsa ntchito mu 2004, panopa wodi wamba ndi namwino mmodzi odwala 5, ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, mmodzi odwala 2. Queensland ku Australia inayamba mu 2016, mmodzi odwala 4 m'mawa ndi madzulo, 7 usiku, ndipo kafukufuku wotuluka mu 2021 anaonetsa kuti imfa zinatsika, odwala amatuluka msanga, obwereranso anachepa, ndipo ndalama zomwe zinapulumuka zinaposa kawiri zomwe analembera anamwino owonjezerawo. Ku England sanaike lamulo koma mu 2014 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a za umoyo kumeneko, linachenjeza kuti namwino akapitirira odwala 8 masana ngozi imakwera.

Ndikudziwa ena muno museka kuti ife 8 ndi tsiku la chisangalalo, timakhala ndi 20 kapena 30. Zoona, ndipo sindikunena kuti mulembe 4 mu pulani yanu mawa. Koma njira yake ndi imodzi, wodwala aliyense amene mwamuchotsa pa mutu wa namwino ndi phindu, kuchoka pa 15 kufika pa 12 n'chinthu. Ndipo mfundo ya achemwali a usiku ndi yofunika, manambala awa ndi malire a pansi, masiku odwala akadwalika mumawonjezera.

Tsopano za kukweza, ine ndimaona kuti ndi nkhani imodzi ndi yoyambayo ndipo musazilembe ngati mapepala awiri osiyana. Mungawerenge bwinobwino anthu 21 koma ngati njira yokhayo yokwerera ndi kukhala inchaji kenako matroni, aliyense wanzeru azithawa pa bedi, ndipo mipando ya mu ofesi ndi yochepa nde otsalawo azichoka. Patricia Benner, katswiri wa za unamwino wa ku America, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti namwino amadutsa masitepe asanu kuchoka pa wongoyamba mpaka katswiri, ndipo kuti angofika pa sitepe yachitatu yogwira ntchito modalirika zimatenga zaka ziwiri kapena zitatu ali m'dipatimenti imodzimodzi. Katswiri sumupanga ndi kosi ya milungu iwiri. Nde pazikhala makwerero awiri oyandikana, ena a utsogoleri, ena a pa wodi, oti munthu akhoza kukwera giredi ndi malipiro mpaka kufanana ndi inchaji akadali kusamala odwala, monga katswiri wa mabala, wa ana obadwa masiku asanakwane, wa ICU, kapena wolangiza anamwino atsopano. Zipatala za ku America zinayamba makwerero otere m'ma 1970 pa chifukwa chomwechi. Si namwino aliyense wabwino amene angakhale bwana wabwino, ena manja awo ndi a golide koma kulemba rosita, kuweruza mikangano ndi kukhala m'misonkhano kumawazunza, ndipo mukawakakamiza mwataya namwino wabwino n'kupeza bwana wosasangalala.

Chisale_waHR:

Ine si namwino, ndimagwira ku ofesi yolemba anthu ntchito, nde ndiloleni ndiyankhule mbali yomwe mumatida nayo. Aphunzitsi makwerero awiriwo ndi abwino koma walira mvula walira matope, giredi iliyonse yatsopano ndi ndalama ya mwezi uliwonse mpaka munthuyo adzapume, ndi penshoni yomwe, ndipo malipiro ndiwo amadya gawo lalikulu la bajeti ya chipatala chilichonse. Mukabwera ndi pepala loti kuchoka pa 12 tifike pa 21 chaka chimodzi, mawodi onse, kuphatikiza magiredi atsopano, likalowa mu diroo. Bwerani ndi pulani ya zaka zitatu, muyambe ndi wodi yomwe ikuopsa kwambiri, ndipo pambali pake mulembe zomwe chipatala chikulipira kale pa lokamu (ndalama yolipira ogwira mashifiti osowa munthu) ndi ovataimu, anthu angati anasiya ntchito chaka chatha, ndi miyezi ingati yomwe malo awo anakhala opanda munthu. Kawirikawiri ndalama ya anamwino awiri atatu ikutuluka kale kudzera ku lokamu, kungoti ili pa mzere wina wa bajeti nde palibe akuiona.

Pa kakwezedwe ine ndiikira kumbuyo zaka pang'ono, poti muno aliyense akuoneka kuti akufuna kagwiridwe ka ntchito. Zaka zili ndi ubwino umodzi, palibe angazikondere. Kagwiridwe ka ntchito amayeza ndi munthu, ndipo munthu ali ndi anzake, achibale, ndi amene anakangana nawo. Ndaonapo mafomu a appraisal oti wodi yonse aliyense wapatsidwa mamakisi apamwamba poti inchaji sakufuna kudana ndi anthu, ndi ena oti munthu mmodzi yekha wamizidwa popanda chifukwa cholembedwa. Nde ine ndimati zaka zikhale khomo, sungafunsire usanakwanitse zaka zakuti pa giredi yako, ukalowa pakhomopo ndiye tiyang'ane zina. Malo akatseguka alengezedwe kwa onse pa bolodi ndi pa foni masiku okwanira kuti wa usiku ndi wa pa tchuthi amve, mamakisi a chinthu chilichonse adziwike anthu asanafunsire, komiti ya intavyu ikhale ndi munthu wochokera kunja kwa dipatimentiyo, ndipo amene walephera auzidwe pomwe waperewera komanso akhale ndi kokadandaula. Anthu amapirira kulephera akaona mmene zayendera, chomwe sapirira n'kungomva kuti uje wakwezedwa osadziwa kuti malowo analipo.

Mulembemonso momveka kuti tchuthi cha uchembere sichichotsa zaka za munthu. Lipoti la WHO la 2020 linati mwa anamwino 10 alionse pa dziko lapansi 9 ndi amayi, nde ndondomeko yomwe imalanga munthu poti anabereka ikulanga pafupifupi ntchito yonse.

Nambewe:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Amayi a Matroni samu ija ndaiyesa pa mawodi ena ndipo ikugwirizana ndi zomwe timaona pa rosita, ya ana ndiye yoopsa kuposa ya amuna. Achemwali a usiku fomu yogawa odwala m'magulu tiyamba nayo mwezi uno. A Chisale za lokamu ndikapempha manambala ku akaunti. Koma pali ziwiri zikundivutabe. Amene anapita kusukulu n'kubwera ndi digiri, tiziwakweza pompo kapena adikire malo? Komanso tili ndi anthu akugwirizira u inchaji kwa nthawi yaitali popanda kalata kapena alawansi, malowo akadzalengezedwa apikisane ngati wina aliyense?

MatroniWopuma:

Za digiri vuto limayambira pomutumiza munthuyo. Musamalole anthu kupita kusukulu mwachisawawa, aliyense kosi yomwe wapeza, kenako abwere asanu nthawi imodzi ndi mapepala a utsogoleri pomwe inu mukusowa wa fiyeta ndi wa ICU. Pulani ya sukulu ichokere mu pulani ya anamwino yomweyi, muone kuti zaka zitatu zikubwerazi apuma ndani, dipatimenti iti ikukula, ndipo pa wodi imodzi pasachoke anthu oposa mmodzi kapena awiri nthawi imodzi. Amene mwamutuma nokha muuzeni asananyamuke, pa kalata, kuti akabwera adzakhala pati ndi giredi iti. Amene wadzilipirira yekha kosi yogwirizana ndi ntchito yake mupatseni kenakake pa malipiro ndi mamakisi pa intavyu, koma mpando adikire ngati anzake. Pepala lokha lisakweze munthu, pakhale miyezi yoti aonetse kuti zomwe waphunzirazo zikufika kwa wodwala.

Ogwirizirawo nkhani yawo ikonzeni msanga isanakuphulikireni. Munthu asagwirizire popanda kalata, ndipo kalatayo inene tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi alawansi yake, miyezi 6 ikakwana malowo alengezedwe. Apikisane inde, poti mwina anaikidwapo chifukwa anali pafupi tsiku lomwe mpando unatsala wopanda munthu, koma nthawi yomwe wagwirizirayo iwerengedwe pa mamakisi ndipo komiti ione mmene wodi yayendera m'manja mwake, anthu angati anapempha kusamuka, rosita imatuluka nthawi yake kapena ayi, ngozi zimalembedwa kapena zimabisidwa. Akapanda kupambana muitaneni nokha mumuuze musanapachike dzina la mnzake pa bolodi, ndipo mukambirane naye ngati akufuna kukhala pa wodi yomweyo kapena asamukire ina, chifukwa kubwerera pansi pa munthu amene dzulo umamulembera rosita si aliyense angakwanitse.

A Chisale pa zaka zija ndikugwirizana nanu, koma mundiwonjezerepo chimodzi mu ndondomekoyo, lipoti la munthu wa usiku lizilembedwa ndi woyang'anira wa usiku amene amamuonadi akugwira ntchito, ndipo intavyu isaikidwe m'mawa womwe munthu akuweruka ku night. A Nambewe mukamaliza kulemba musathamangire kwa mabwana, iwerengeni kaye pamaso pa anamwino a mashifiti onse, a masana padera a usiku padera, ndipo zomwe akane muzilembe.